Loya Wasiya Nyama

Mwana wathu ndi mmodzi yekha, wamkazi, ndipo pakhomo timamutchula kuti Loya. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake akadali kamwana, chifukwa ukamutuma kuti akatsuke mbale ankayamba wafunsa kuti wadyeramo ndani, nanga wodyeramoyo manja ake apita kuti. Nkhani ndikukambayi inachitika ali ndi zaka khumi ndi zinayi, atandipitirira kale msinkhu, pakamwa pali chikhalire.

Ine ndimakonza tsitsi. Saluni yanga ndi kachipinda ka mipando itatu, galasi lalikulu lothetheka pakona, ndi wailesi imene imalankhula ukaimenya khofi. Amuna anga amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Anthu amawadziwa kuti a Kilachi, poti galimoto yawo yofiira ikamadutsa, mawu omveka pazenera ndi amodzi okha: "Kilachi! Kilachi mayi, mutipha!" Ndi munthu wabwino, kungoti amakonda kupambana mkangano, ngakhale umene wauyamba yekha.

Tsiku lina masana anakamutenga Loya kusukulu pachiwongolero pali wophunzira wawo, mayi wina wamantha amene ankayendetsa galimoto ngati wasenza mazira. Atafika pamphambano yapafupi ndi msika, magalimoto anathithikana. Mayi uja anazimitsa galimoto, kuiliza, kuzimitsanso. Pambali pawo panaima lole yodzaza nkhumba, ndipo Loya anali pampando wakumbuyo, zenera lili chitsegukire. Nkhumba ina inatulutsa mphuno pakati pa matabwa. Khutu lake linali long'ambika, magazi ataumirapo, ndipo inamuyang'ana mwanayo ndi diso limodzi osaphethira. Anayang'anizana choncho mpaka mayi wamantha uja atakumbukira kumene kuli kilachi.

Madzulo ndinakazinga masoseji. Loya anatenga mpunga, kuthira msuzi wa tomato, mbale ya masoseji n'kuikankhira pakati pa tebulo.

"Amami, ine nyama ndasiya."

"Waisiya kuti?"

"Ndasiya kudya."

"M'mimba mwavuta?"

"Ayi. Ndasiya basi. Ya ng'ombe, ya nkhumba, nkhuku, nsomba, zonse."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale."

A Kilachi anatsamwa ndi madzi.

Apa ndifotokoze kaye za phazi la amuna anga. Ali ndi nthenda ija amati gauti. Ikawagwira, chala chachikulu cha phazi lakumanzere chimatupa n'kufiira ngati tomato, moti ntchentche ikangoterapo amaitana amayi awo amene anatisiya kalekale. Phazi limenelo ndi lomwe amapondera kilachi ya mbali ya mphunzitsi, ndiye likatupa ntchito yaima. Adokotala anawaletsa nyama yofiira, chiwindi, zam'kati ndi mowa. Chiyambire pamenepo ankadya nyemba ndi kabichi nkhope ili ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa. Koma nyama pakhomo sinkasowa. Ankagula okha, osawakumbutsa. "Mwana akukula," ankatero akutsitsa jumbo yolemera. "Mwana wamkazi amafunika magazi." Ine ndinkawatama kwa makasitomala anga, kuti taonani bambo wogulira mwana chimene mwiniwake sangadye.

Ndiye atayamba kukalipa madzulo amenewo, ndinayesa n'chikondi.

"Tayasamula," anamuuza Loya. "Mano akuthwa awa Mulungu anakupatsa kuti uzidulira kabichi?"

"Mvuu ili ndi mano kuposa anu, adadi, koma imadya udzu."

"Ndiye cholinga chako n'kufanana ndi mvuu?"

"Cholinga changa n'kusadya chinthu chimene chinandiyang'ana m'maso."

"Nkhumba imayang'ana aliyense! Maso ntchito yake n'chiyani?"

"Inkalira, adadi."

"Galimoto yanganso imalira, koma sindinasiye kuikwera."

Nanenso sindinakondwe, ndisaname. Ndinkaopa kuti mwana wanga auma, adzakomoka pamzere kusukulu, aphunzitsi n'kumati kwawo amamumana. Ndinaganizanso za mapoto awiri tsiku lililonse, ine wobwera kuntchito miyendo itatupa ndi kuimirira. Komanso aneba. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe amadziwa zimene taphika asanaone n'komwe utsi, ndipo fungo la nyama likanasowa, sabata isanathe mzere wonse ukanamva kuti a Kilachi zawathina.

M'mawa mwake nkhaniyi ndinapita nayo ku saluni, kumene nthenda iliyonse imapezerako mankhwala. Mayi wina wogwira ntchito ku banki, mutu uli m'chowumitsira, anakuwa kuti mwanayo walowa mpingo wachilendo, ndimufufuze m'chikwama. Amene ndinkamuluka anati ndi chibwenzi. "Mtsikana akasiya kudya, pali mnyamata wamuuza kuti ali ndi masaya." Wogulitsa mawigi, amene amabwera kudzacheza kuposa kudzagulitsa, anangoti, "Musiyeni asisi. Njala ilibe loya. Pofika Lamlungu mumupeza akunyambita poto."

Ndinatenga malangizo a wamawigi. Lamlungu ndinawotcha nkhuku ndi adyo ndi mandimu, zitseko zonse za m'nyumba n'kutsegula kuti fungo likamupeze kuchipinda. Fungolo linapeza ana a aneba, linapeza mphaka, linapezanso a Kilachi amene anayamba kuzungulira m'khitchini ngati ataya makiyi. Loya anatuluka, kudula buledi, kupaka majarini, n'kubwerera kuchipinda.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti wosadya nyama wathuyu masamba sankawakondanso. Kabichi ati amanunkha masokosi. Nyemba ati zimamuchititsa manyazi m'kalasi. Ankangokhalira buledi, chipisi ndi tiyi wa shuga wambiri, n'kumatiuza kuti akupulumutsa dziko.

Masabata anapita, a Kilachi akugulabe nyama. "Mwina asintha maganizo," ankatero. Ine ndekha sindikanaitha, ndiye ndinayamba kuiponya m'firiji yaiwisi, kuiumitsa gwa ngati mwala. Pamenepo amuna anga anasanduka mavu. Wophunzira wawo wina anabwera mpaka ku saluni kudzadandaula kuti amulalatira asanalowe n'komwe m'galimoto.

Madzulo ena patebulo anayambanso ulaliki wawo. Anati mwana wosayamika ali ngati chitsime cha mchere. Anati iwo anakula nyama akuiona pa kalendala ya kubutchala. Loya anaika supuni pansi.

"Adadi, mukulira ine kapena mukulira gawo lanu?"



"Gawo lanji?" ndinafunsa.

"Mayi, musamumvere uyu, njala yamulowa kumutu."

"Amami, nyama munkandiikira ija ine ndinkadya theka. Theka linalo linkadutsa pansi pa tebulo inu mukapita kukhitchini. N'chifukwa chake adadi ankakutumani mchere tsiku lililonse."

Ndinakumbukira maulendo anga onse okatenga mchere. Ine ndinkayesa kuti dzanja langa lakalamba, layamba kuchepetsa, mpaka ndinafunsapo anzanga kuti iwo amayeza bwanji.

"Nanga iwe unkalandira chiyani?" ndinamufunsa, poti mwana wanga ndimamudziwa, sachita chinthu chaulere.

"Ankandiphunzitsa kuyendetsa galimoto kubwalo lampira Loweruka."

"Mwana wazaka khumi ndi zinayi?"

"Rivesi amabweza bwino kuposa akuluakulu ambiri," a Kilachi anatero motsitsa mawu, ngati zimenezo ziwathandiza pamlandu.

Ndinawakalipira onse awiri mpaka mpunga unazizira. Za galimoto ndinaziletsa pomwepo. Koma munthu akagwidwa amalimba moyo kuposa kale. A Kilachi anati gawo lawo n'nkhani ina, thanzi la mwana n'nkhani inanso, ndipo poti ine ndalephera kulera, aitana wodziwa. Anaimbira foni achemwali awo aakulu.

Alamu angawa amagulitsa makatani, ndipo akalowa m'nyumba ya munthu amayamba ayang'ana mazenera ndi chisoni. Analera ana asanu ndi khofi limodzi lomwelo. Anafika Loweruka atanyamula chikwama cha zovala ndi chidebe cha chiwindi. Sanakhale n'komwe pansi. Anamuimiritsa Loya powala, kumukoka chikope, kumuyang'ana pakhosi, kumuzungulira ngati akugula mbuzi. Kenako anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Mlamu, inu maso muli nawo?"

"Ndili nawo."

"Mwanayu ali ndi pakati."

"Aa, alamu!"

"Ine wanga woyamba ndinkasanza ndikangoona butchala akudutsa panjinga. Wachitatu ndinkadana ndi nkhuku ngakhale yamoyo. Mtsikana sasiya nyama chifukwa cha diso la nkhumba. Diso lamuyang'analo ndi la munthu."

Ndinkadziwa kuti n'zabodza, koma mawu oterewa akalowa m'khutu la mayi satulukanso. Titamuuza Loya, anaseka mpaka kugwira khoma. Ataona kuti ife sitikuseka, nkhope inasintha.

"Chabwino," anatero. "Tiyeni kuchipatala. Koma tonse. Adadi nawonso. Ndikufuna mboni."

Lolemba tinadzazana m'galimoto yofiira. Adokotala anali mayi wachitsikana wa magalasi, wooneka kuti tsiku limenelo anali atamva kale zopusa zokwanira. Anamutenga Loya yekha, kucheza naye, kumuyeza, kenako anatiitana tonse.

"Pakati palibe," anatero.

"Makina anuwo ndi atsopano?" anafunsa alamu.

"Ndi atsopano, mayi. Magazi okha ndiwo achepako pang'ono."

"Mwamva!" a Kilachi anadumpha, n'kutera pa phazi lolakwika.

"Khalani pansi, bambo. Munthu angathe kukula bwinobwino osadya nyama. Chimene sangathe n'kukula ndi buledi ndi chipisi." Anatembenukira kwa Loya. "Iwe, wosadya nyama amadya nyemba, mtedza, mazira, mkaka, masamba obiriwira, zipatso. Ukazikana zimenezi, si chifundo pa nkhumba ayi, n'kusankha zakudya ngati kamwana. Ndikupatsa mapiritsi a magazi, umwe, ubwerenso tidzakuyeze."

Loya analandira mapiritsi aja osatsutsa. Ndinalakalaka ndikanawajambula adokotala aja n'kuwapachika pabalaza.

"Nanga inu bambo, mukutsimphina chifukwa chiyani?"

"Nsapato, adokotala."

"Amadya nyama pansi pa tebulo," anatero Loya.

Pobwerera m'galimoto munalibe wopambana, ndiye aliyense ankayang'ana zenera lake.

Alamu anga sagonja. Anati akhalako masiku angapo kuti andipumuze kukhitchini, ndipo ine, wopusa ine, ndinathokoza. Tsiku lotsatira nditabwera ku saluni ndinapeza nyumba yonse ikununkhira. Anaphika nyemba za msuzi wolemera, wonyezimira pamwamba. Loya analawa monyinyirika, pokumbukira mawu a adokotala. Kenako anawonjezera. Anawonjezeranso, n'kupukuta mbale ndi buledi.

"Anti, izi ndiye nyemba," anatero. "Amami, muphunzire kwa anti."

Alamu akanangokhala chete, bwenzi mpaka lero tikuwatama. Koma chipambano chosalengeza kwa iwo n'chimodzimodzi kuluza. Anadzuka, kupita kukhitchini, n'kubwera ndi mbale ya mafupa a ng'ombe akuluakulu, owira mpaka kuyera. Anaiika pamaso pa mwanayo, kho!

"Ndi awa aphika nyemba zakozo. Wadya, wanyambita. Wafa?"

A Kilachi anaphulika chiseko, akumenya tebulo. Mafupawo anagula ndi iwo.

Ndinadikira kuti Loya ayankhe. Mwana ameneyu chibadwire sanasowepo yankho. Koma anangoyang'ana mafupa aja, kenako bambo ake.  Anadzuka mwakachetechete, kukankhira mpando m'malo mwake bwinobwino, n'kupita kubafa. Tinamva madzi akutuluka pampope, ndipo pansi pa phokoso la madziwo tinamva kulira kwa kamwana, kuja ankalira ali wamng'ono akagwa pamasitepe.

Chiseko cha a Kilachi chinathera m'njira.

"Azolowera," anatero alamu, akudzigawira nyemba zina.

Ine sindinafuule. Ndinapita kuchipinda cha alendo, kupinda zovala zawo, kuziika m'chikwama, n'kuchibweretsa pakhomo.

"Alamu, basi ya m'mawa imakhala yosadzaza."

"Mukundithamangitsa m'nyumba ya mlongo wanga?"

"Ayi, ndikukuperekezani. Makatani akukudikirani."

Anayang'ana kwa mlongo wawoyo kuti awaikire kumbuyo, koma a Kilachi anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pansi pa kapu yawo.

Masiku otsatira Loya sanakhudze chilichonse chotuluka m'poto wa m'nyumba mwathu. Ankadya nthochi zosenda yekha ndi mazira owiritsa yekha, atatsuka kaye kapoto ngati mwagwera poizoni. Ukamufunsa kanthu ankayankha "eya" kapena "ayi". Ndinali nditapempherera kwa zaka zambiri kuti mwanayu akhaleko chete. Atakhala chete, nyumba inakhala ngati ya eni.

Tsiku lina ndinatseka saluni msanga, n'kumupeza pakhonde akuchapa masokosi.

"Ine za mafupa sindinkadziwa," ndinamuuza.

"Ndikudziwa, amami."

"Za nkhumba yakoyo sindikuzimvetsa. Mwina sindidzazimvetsa. Ine nkhuku ndimaikonda ndipo sindisiya."

"Sindinakuuzeni kuti musiye. Ndikungofuna musamandinamize. Ndikamadya kwathu ndizidziwa chimene ndikudya."

"Chabwino. M'poto wako simudzalowanso chinthu mwakabisira, ndikulumbira. Koma poto wakoyo uzimuphika wekha, ine ndili pambali. Masamba uzidya, anunkhe masokosi kaya nsapato. Mapiritsi uzimwa ine ndikuona. Adokotala akadzati magazi atsikanso, tidzakhala pansi n'kukambirana mwatsopano."

Anafinya sokosi. "Nanga mbale azitsuka ndani, poti ine ndiziphika?"

Apo ndinadziwa kuti mwana wanga wabwerera.

A Kilachi mlandu wawo unawapeza wokha. Chidebe cha chiwindi chimene alamu anasiya m'firiji chinayamba kuchepa mosadziwika bwino, mafupa aja nawo anapezeka atayamwidwa mafuta onse. Pasanapite nthawi, m'mawa wina tinadzutsidwa ndi mfuu. Chala chinali chitatupa, chikuwala ngati babu. Anagona chagada, phazi pamwamba pa mapilo, akuletsa aliyense kuyenda mwamphamvu kapena kupuma pafupi nalo.

Ine ndinali ndi mkwatibwi woti ndimukonze tsitsi tsiku lonse. Sukulu inali itatsekera. Ndiye wodwalayo ndinamusiya m'manja mwa Loya.

Nditabwerako madzulo ndinaima pakhomo pa chipinda osalowa. Loya anali atakhala m'mphepete mwa bedi ndi mbale ya nyemba zoyamba kuphika yekha. Zinali zopserera pansi, zaziwisi pamwamba, ndipo zikamagwera m'mbale zinkalira ngati miyala. Bambo ake ankatafuna pang'onopang'ono, misozi ili m'maso, sindikudziwa ya phazi kapena ya mano.

"Zikukoma?" anafunsa Loya.

"Zili ndi mphamvu."

"Muwonjezere?"

"Ndisawonongeretu za mawa." Anameza movutikira. "Loya, zija za mafupa zija."

"Ee."

"Mafupawo anali otchipa. Ndinangoti ndigule."

"Ee."

"Sindinayenere kuseka."

"Kuseka kokha?"

"Kugulanso. Iwe, munthu akudwala sumufunsa mafunso ngati ali kukhoti."

Loya anawapatsa madzi ndi mapiritsi awo, iye n'kumwa ake a magazi, ngati anthu awiri ogonekedwa wodi imodzi.

Kuphika anaphunzira, ngakhale poto mmodzi tinamuika m'manda. Anayamba kuthira mtedza m'masamba, kukazinga mabiringanya, kuphika mphodza za anyezi wambiri zimene ngakhale ine ndinkabako. Titabwerera kuchipatala, adokotala anati magazi akwera, apitirize. Mayi woyandikana nafe anafalitsadi kuti zatithina, ndipo anatibweretsera miyendo ya nkhuku mwachifundo. Ndinailandira, n'kukadyera ku saluni.

Sukulu itatsegulira, timu ya netibo imene Loya amasewera inaitanidwa ku mpikisano wa kutali, wogonera komweko. Tsiku lina anabwera kunyumba nkhope itagwa. Mphunzitsi wamasewera anamuchotsa pagulu lopita, ati kumeneko kulibe wophikira ana ofuna zapadera, ndiponso wosadya nyama sangathamange mpaka mapeto.

Ndinkati ndipita ndine kusukuluko m'mawa. Koma a Kilachi, amene phazi linali lisanalowebe m'nsapato, anafunsa kuti, "Wati chiyani?"

Loya anabwereza.

"Mwana wa ndani sangathamange?"

M'mawa tinapita tonse, iwo phazi lina m'nsapato, lina m'silipasi. Mphunzitsiyo tinamupeza pabwalo, wisulo pakhosi, mimba itatsogola. A Kilachi sanapereke n'komwe moni wokwanira.

"Aphunzitsi, inu nyama mumadya?"

"Kwambiri, bambo."

"Zikuoneka. Tathamangani ndi mwana wangayu mpaka pagolo apo. Mukamupitirira, atsale."

Atsikana a timu anayamba kusekera m'manja. Mphunzitsi anati nkhani si imeneyo, nkhani ndi ya kukhitchini.

"Kukhitchini kwake kulibe nyemba? Kulibe dzira? Mukuphikira ana kapena mikango? Mwana wanga wasankha zimene wasankha, adokotala amuyeza, mayi ake avomereza. Womunyoza pankhani imeneyi ndine ndekha, kunyumba kwanga, chifukwa ndinabereka ndine. Inu ntchito yanu n'kuimba wisulo."

Anakuwa mpaka ahedi anatuluka mu ofesi. Nkhani inatha mwachangu, mwina pofuna kuti munthu wa silipasi imodziyu achoke pabwalo ana asanaphunzire mawu atsopano. Loya anabwezeredwa pagulu, ndipo ahedi analonjeza kuti akauza ophika.

Tikubwerera ku galimoto, Loya anawagwira dzanja bambo ake, chinthu chimene anasiya kalekale.

"Usayese kuti ndagwirizana nazo," anatero a Kilachi. "N'zopusabe."

"Ndikudziwa, adadi."

Anapita, anasewera, anabwerako Lamlungu madzulo atapsa ndi dzuwa, mawu atasasa. Timu yawo inathera panambala yachitatu. Anaponya chikwama pabalaza n'kulunjika kukhitchini ngati wothawa kundende.

"Anakuphikira?" ndinamufunsa.

"Anandiphikira nyemba. M'mawa, masana, madzulo. Koma zofumbwa, amami. Anankafumbwe akuyandama pamwamba pa msuzi ngati ali pa holide. Anzanga amamaliza kudya ine ndikadali kuwola."

A Kilachi anatsitsa nyuzi pang'onopang'ono. Nkhope yawo inawala.

"Unawachotsa onse?"

"Amene ndinawaona."

"Nanga amene sunawaone?"

Loya anaima ndi supuni m'manja.

"Nankafumbwe ali ndi miyendo," anapitiriza a Kilachi, akuwerenga pa zala. "Ali ndi mutu. Amayenda. Ali ndi ana ndi achibale. Mayi, tandiuzani, chimenecho n'chomera?"

"Sindinachite kufuna, adadi. Mlandu umaona cholinga."

"M'mimba simuona cholinga."

"Ndiye inu mukameza ntchentche mu tiyi ndinu wodya ntchentche?"

"Ine sindinalengeze kuti ndasiya ntchentche!"

Ndinatenga thaulo langa n'kupita kukasamba. Nditatuluka anali akadali pomwepo, atafika pa udzudzu.